Loweruka Lomwe Anatseka Dzina la a Mwazitenga

Mkati mwa sabata ndi owerenga mamita a madzi. Mumawaona akuyenda khomo ndi khomo, chipewa chofwifwa kumutu, kachitsulo kotsegulira zivundikiro m'manja, ndipo agalu a m'makwalala athu anasiya kalekale kuwauwa. Koma ife a Loweruka timawatcha a Mwazitenga, chifukwa simungawauze kanthu osakufunsani kuti, "Mwazitenga kuti?" Ngakhale munene kuti kunja kwayamba mvula, amayamba asuzumira kaye pawindo.

Ndinawadziwira ku laibulale ya m'dera lathu. Mlamu wanga amasesa kumeneko, ndipo Loweruka lina ndinamuperekera makiyi a kunyumba amene anaiwala, mwana ali kumsana. Kuseri kwa mashelefu kuli kachipinda ka makompyuta anayi, bolodi yong'aluka pakona ndi fani imene imalira ngati ikudandaula malipiro. Ndinangoima pakhomo kuti mphepo ya faniyo imuwombeko mwana. Bambo wina wa imvi za m'mbali anatembenuka n'kukoka mpando.

"Khalani, mayi. Abwanawo atopa kuima."

Abwana ankanena mwana wanga. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala mayi a abwana.

Anandifotokozera kuti pa intaneti pali buku lalikulu lofotokoza chilichonse: nyama, matenda, mitsinje, zida zogwirira ntchito. Bukulo lilibe mwini. Aliyense akhoza kulembamo, ndipo wina amene simunamuonepo akhoza kubwera n'kukonza zimene mwalemba. Anati m'zilankhulo zina bukulo ndi lonenepa, koma m'chilankhulo chathu nthiti zikuonekera. Ntchito yawo ya Loweruka, imene palibe anawatuma, inali kuphunzitsa anthu kulidyetsa.

Ndinawauza chapansipansi kuti sukulu ndinalekezera ku pulayimale.

"Ku pulayimale anakuphunzitsani kunama?"

"Ayi."

"Basi mwakwana."

Kaphunzitsidwe kawo ndi kamene kanandichititsa kubweranso. Sagwira kompyuta ya wophunzira. Amaima kumbuyo kwanu manja atawapinda kumsana, dzanja lina litagwira linzake ngati lingathawe. Mukasochera, mumamva akupuma mwamphamvu, zala zikuvinavina kumsanako, koma sakulandani. Amangoti, "Yang'anani kumanja, m'mwamba. Ayi, kumanja kwinako." Amati chala chimene chadina ndi chimene chimakumbukira. Munthu akalemba chiganizo chake choyamba, ngakhale chikhale chopindika, sachikonza pomwepo. Amachiwerenga mokweza, mwaulemu, ngati nkhani za pa wailesi, kenako mwiniwake amamva yekha pamene chikutsimphina.

Obwera mosadumphitsa tinalipo ochepa. Panali a Lumo, ometa tsitsi pafupi ndi siteji ya basi, munthu wa pakamwa posatseka. Panali mayi a Mazira, amene amagulitsa mazira pamsika ndipo amalemba ndi chala chimodzi, chiganizo chimodzi m'mawa wonse, nthawi zonse za nkhuku. Ena ankabwera mwa apo ndi apo. Aliyense anali ndi dzina lake lolowera m'bukumo ndi mawu ake achinsinsi. Inenso anandithandiza kutsegula langa.

Koma ine ndinali ndisanatumizepo kanthu. Muli tsamba loyesererapo, ndipo pamenepo ndinkalemba za kasambitsidwe ka khanda, kufufuta, kulembanso. Pansi pake pali batani labuluu, mukalidina zolemba zanu zimapita poti dziko lonse lione. Chala changa chinkafika pamenepo n'kubwerera chokha. A Mwazitenga sanandikakamizepo.

"Batani silithawa, mayi a abwana. Lidzakhala pomwepo Loweruka linalo."

Nkhani inayambira pa holo ya kanema. M'dera lathu munali holo yakale yoonetsera mafilimu, imene pano amasungiramo simenti. A Lumo anakulira mmenemo, ndipo akazi awo anawaonera koyamba pamzere wa matikiti. Analemba tsamba lonse la holoyo: mipando yofiira, makatani olemera, munthu woyendetsa filimu amene ankagona filimu ili mkati. Anamaliza ndi kunena kuti inali holo yokongola kuposa zonse.

"Mwazitenga kuti?" anafunsa a Mwazitenga.

"M'maso mwangamu! Kapena ndikolowole diso ndilimate patsambapo?"

"Diso lanu anthu akutali sangalitsegule n'kuwerenga, achimwene. Tipeze nyuzipepala yakale kapena buku limene linatchulapo holoyi. Musatumize kaye."

A Lumo anatumiza.

Bukulo lili ndi oyang'anira, anthu ongodzipereka ngati a Mwazitenga omwe, amene ali ndi mphamvu yofufuta masamba ndi kutseka mayina a anthu osokoneza. Sitiwaona nkhope, timangoona mayina amene anadzipatsa. Wina wodzitcha Nthiwatiwa anaika chikwangwani pamwamba pa tsamba la holo: tsambali lilibe umboni, lifufutidwa, amene ali ndi maganizo alembe pamalo okambirana.

Loweruka lotsatira a Mwazitenga anabwera tsaya litatupa ngati abisamo ndimu. Dzino linawagoneka chokhala. Anatsegula chipinda, anayang'ana pang'ono pa kompyuta ya pawindo, kenako ululu unawakulira ndipo anapita kuchipatala kukazulitsa. Anatisiya tokha. Chifukwa cha ululuwo anaiwala kutuluka, dzina lawo linatsala lotsegula pa kompyutayo.

A Lumo anaimirira kutsogolo ngati mphunzitsi wamkulu.

"Abale anga, uku ndi kuvota. Ochuluka ndiwo apambana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Za nsabwe ndinudi akatswiri," anatero mayi a Mazira.

Anthu anaseka, koma anamvera. A Lumo analemba pabolodi ndi choko: Tsamba ili lisafufutidwe chifukwa holoyi ndi mbiri yathu ndipo tonse timaidziwa. Aliyense anakopera m'dzina lake, liwu ndi liwu, monga tinkachitira kusukulu aphunzitsi akalemba pabolodi. Palibe anaganiza kuti n'kulakwa. Kenako a Lumo anaona kompyuta ya pawindo ija.

"Taonani, akuluakulu atisiyira khomo. Akanakhala pano bwenzi atatithandiza. Tiwalembere, munthu akudwala."

Analemba chiganizo chomwe chija m'dzina la a Mwazitenga, mokoma mtima ndithu, ngati kumusungira mnzako malo pamzere. Atafika kwa ine anapeza ndalemba koma sindinadine.

"Inu mayi a abwana, chala chanucho ndi chagalasi?"

Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo ndinatuluka naye panja. Pobwerera anali atazimitsa makompyuta.

Loweruka linalo anzanga polowa anakumana ndi mzere wofiira. Mayina onse amene anatumiza chiganizo chija anali atatsekedwa, popanda tsiku lotsegulira. Chifukwa chake Nthiwatiwa anachilemba poyera: mayina onsewa akulembera pamalo amodzi, mawu amodzimodzi, m'mawa umodzi. Ameneyu ndi munthu mmodzi wovala mayina ambiri kuti anamize anthu, ndipo mwini wake ndi dzina lakale kwambiri pagululi. Dzina lakale linali la a Mwazitenga.

Anawerenga ataimirira. Kenako anakhala pansi, chinthu chimene sankachita m'chipindamo. A Lumo anafotokoza zonse, mawu akuchepa chiganizo chilichonse. A Mwazitenga sanakalipe. Anangofunsa kuti, "M'dzina langa munalemba ndinu?" A Lumo anagwedeza mutu. Basi.

Munthu wotsekedwa amaloledwa kudandaula pa tsamba lake lokha. A Mwazitenga analemba mwaulemu kuti ndi kalasi ya ophunzira, makompyuta ndi a laibulale. Yankho linabwera tisanabalalike: Onse ogwidwa amanena zomwezi.

"Kanthiwatiwa kopanda mchira!" anakuwa a Lumo. "Akulu, musavutike. Tsegulani dzina lina. Mayina ndi aulere, satha."

"Kutsegula lina utatsekeredwa ndiye kukhala wakuba amene akumunenayo," anatero a Mwazitenga. Anapotokola chipewa pabondo. "Komanso dzinali si langa ndekha."

Tsiku limenelo ndi pamene tinamva za malemu akazi awo. Anadwala impso nthawi yaitali, ndipo a Mwazitenga ankakhala nawo kuchipatala masana onse a Loweruka ndi Lamlungu. Madokotala ankalankhula mofulumira, m'chilankhulo cha m'mabuku. Mayiwo anati, tandifunireni pafonipo za matenda angawa m'chilankhulo chathu, ndimve ndekha. Anafufuza napeza tsamba m'buku lija. Linali ndi mizere iwiri.

"Anaseka mpaka anamwino anabwera," anatero a Mwazitenga. "Akuti, ndiye kuti ine ndikudwala mizere iwiri basi?"

Anayamba kuwonjezera pomwepo pambali pa bedi, kuchokera m'timapepala ta kuchipatala, namwino wina akuwaunikira ngati amasulira bwino. Mayiwo ndiwo ankamvetsera chiganizo chilichonse n'kunena kuti, apo munthu wamba samva, bwerezani. Pofunika dzina lolowera, mayiwo ndiwo anasankha: Wochedwa, chifukwa bambowo anachedwa tsiku loyamba kukumana, anachedwanso tsiku laukwati. Bukulo limasunga mbiri ya chilichonse chimene dzina lalemba, tsiku ndi tsiku. Masana onse a kuchipatala aja ali mmenemo, pansi pa dzina limenelo. Tsopano pamwamba pa zonsezo panali mzere wofiira wonena kuti mwini dzinali ndi wachinyengo.

Mayi a Mazira anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. A Lumo anatuluka osatsanzika, ndipo kanali koyamba kuwaona akuchoka pamalo opanda mawu otsiriza.

Mkati mwa sabata a Mwazitenga anafika pakhomo pathu kudzawerenga mita. Ndinali ndikuyanika matewera. Anatsegula chivundikiro, anagwada, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana manambala amene amawawerenga ndi diso limodzi masiku onse. Mwana anakwawira kwa iwo n'kugwira kachitsulo kawo. Anamusisita kumutu.

"Abwana, mwina Loweruka lino tipumeko. Mphunzitsi wotsekeredwa panja angaphunzitse ndani kulowa?"

Ndinawauza kuti mlamu wanga akuti fani ya m'chipinda muja yakonzedwa. Anangoti, "Chabwino." Sanafunse kuti ndazitenga kuti. Pamenepo ndinadziwa kuti munthuyu zamupweteka kufika pafupa.

Atapita ndinakumbukira kuti dzina langa silinali pa mndandanda wa otsekedwa, poti sindinadine. Mlamu wanga atabwera kudzadya masana ndinamubwereka foni. Ndinagoneka mwana, ndinakhala pakhonde kuseri kwa matewera, ndinalowa. Linatseguka. Ndinafufuza tsamba lolankhulirana ndi Nthiwatiwa monga anatiphunzitsira, kumanja, m'mwamba.

Sindidziwa kukangana, choncho ndinangolemba zimene ndinkaona ndili pampando wakumbuyo. Ndinati: Pepani, ine ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala nawo m'chipindamo. Si munthu mmodzi. Amene amalemba za nkhuku ndi mayi wamkulu, amalemba ndi chala chimodzi, dzanja linalo limagwira chikwama. Amene analemba za holo ndi ometa tsitsi, amalankhula kwambiri koma si oipa. Wochedwa ndi aphunzitsi athu. Tsiku lija anapita kukazula dzino. Iwo sagwira n'komwe kompyuta ya munthu wina, manja amaika kumsana. Tinakopera pabolodi chifukwa ndi mmene tinaphunzirira kusukulu. Ine sindinatumize nawo chifukwa ndimachita mantha. Uku ndi kutumiza kwanga koyamba.

Batani linali pomwe paja. Ndinatsinzina n'kudina, kenako ndinaiika foniyo chafufumimba pa mkeka ngati ingandiyang'ane.

Yankho linabwera mawa lake, mlamu anathamanga nalo kuchokera kuntchito tsache lili m'manja. Nthiwatiwa analemba mwachidule: Ngati mulidi anthu osiyana, ndikufuna ndikuoneni. Anapempha kuti Loweruka m'mawa tidzalankhulane pa foni yoonana nkhope.

Kuwauza a Mwazitenga kunandivuta kuposa kudina. Ndinawadikirira pakona ya msewu wathu, ndipo atafika ndinangowapatsa foni. Anawerenga zimene ndinalemba, anabwerezanso, milomo ikuyenda.

"Mwatumiza nokha?"

"Eya."

"Popanda wokuimirirani kumbuyo?"

"Kunali matewera."

Anaseka koyamba sabata imeneyo, kuseka kotulukira m'mphuno.

Loweruka tonse tinafika msanga. Mayi a Mazira anavala ngati akupita kukajambulitsa. A Lumo anabwera atameta bwino, akunong'ona mawu amene anakonzera Nthiwatiwa, ndipo ena mwa mawuwo sindingawalembe pano. Tinatsamiritsa foni ya mlamu pa mulu wa mabuku. Inalira.

Tinkayembekeza bambo wa mimba ndi magalasi, wa mu ofesi yozizira. Pafoni panaoneka mtsikana, mwina wamng'ono kwa ine, atavala kachipewa koyera ka ophika buledi, ufa uli pachipumi. Anakhala pa kreti kuseri kwa bekale, m'maso muli tulo.

"Ndili ndi nthawi yochepa yopuma," anatero. "Ndinu angati?"

Tinadzipanikiza kuti tonse tikwane. A Lumo anatsegula pakamwa, anatseka, kenako anati, "Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Mtsikanayo anati aliyense atchule dzina lake lolowera ndi zimene amalemba. Mayi a Mazira anayamba. Anafotokoza za chitopa, za kusiyana kwa nkhuku yoikira ndi yanyama, za mmene mungadziwire dzira lowola osaliswa, ndipo sakanaleka akanapanda a Lumo kuwakoka mpango.

"Mayi, mwanayu buledi amupserera."

Nthiwatiwa anali akuseka atagwira pakamwa. Anati masamba a nkhuku amawawerenga, ndipo ankadabwa kuti ndani amawonjezera chiganizo chimodzi chokha sabata iliyonse. Kenako nkhope inabwerera m'malo. Anatiuza kuti oyang'anira m'chilankhulo chathu ndi ochepa kwambiri, ndipo masiku ambiri amakhala yekha. Mwezi wapitawo munthu wina anatsegula mayina ambirimbiri n'kumalemba m'masamba a matenda kuti mankhwala ake amachiza chilichonse, nambala ya foni pansi. Anatha masabata akusesa. Ataona mayina athu akuyankhula ngati pakamwa pamodzi, anati wabweranso.

"Nanga m'dzina la Wochedwa analemba ndani?"

A Lumo anaimirira, mutu n'kutuluka pafoni, tinachita kuwakhazika.

"Ndine, achemwali. Ndinkati ndikuwathandiza. Iwo anandiletsa ngakhale kutumiza tsambalo. Ngati n'kutseka, tsekani ine kawiri."

"Kamodzi kakwana," anatero mtsikanayo. Anati dzina la a Lumo likhala lotseka mwezi umodzi chifukwa cholemba m'dzina la munthu wina. Tsamba la holo salitaya, alisunthira pa tsamba lawo loyesererapo mpaka apeze umboni. Anawonjezera kuti pamalo okambirana sawerenga manja, amawerenga zifukwa, ndipo chifukwa chimodzi chabwino chimaposa anthu khumi obwereza. Ena onse awatsegulira, ndipo alemba chizindikiro chakuti pamalo pano pamaphunzira anthu ambiri, kuti woyang'anira wina asadzalakwitsenso.

Kenako anafunsa kuti, "Wochedwa ndi ati?"

A Mwazitenga anali kumbuyo kwa tonse, chipewa m'manja. Tinawapatsa njira.

"Ndinu amene munalemba tsamba la impso?"

"Tinalemba awiri."

Mtsikanayo anawayang'ana kanthawi. Sanafunse kuti winayo ndani.

"Bambo, pepani. Ndinakuyankhani mwamwano. Koma mukamachoka pa kompyuta muzituluka, ngakhale dzino likupweteka."

"Mwanena zoona, mwanangu. Pamenepo ndinalakwa ndine."

Kumbuyo kwake wina anaitana, ndipo mtsikanayo anati atsegula mayinawo tsopano asanabwerere ku uvuni. Anatichenjeza chinthu chimodzi: mzere wofiira uchoka, koma m'mbiri ya dzinalo mudzakhalabe mawu akuti linatsekedwapo. Zimenezo palibe angafufute, ngakhale iye. Chimene angathe ndi kulemba pansi pake kuti kunali kulakwitsa. Foni inazima.

A Mwazitenga anakhala pa kompyuta ya pawindo. Analemba dzina, analemba mawu achinsinsi, analakwitsa, anayambiranso. Ife tinaima kumbuyo kwawo, ndipo palibe anawauza kuti kumanja kapena kumanzere. Tsamba linatseguka lopanda chofiira. Anapita ku mbiri ya dzinalo. Pamwamba panali mizere iwiri yatsopano, wina wotseka, wina wotsegula, ndipo wachiwiriwo unati: Ndinalakwitsa. Ameneyu ndi mphunzitsi, enawo ndi ophunzira ake.

A Lumo anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Akulu, ndimuchondererenso mwanayu? Mwina pali njira yochotsera wapamwambawo. Ine ndi amene ndakudetserani."

A Mwazitenga anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta magalasi, anapukutanso m'maso mofulumira, n'kunena kuti fani yokonzedwayi ikuulutsa fumbi.

"Usiyeni, achimwene. Zinachitikadi, ndipo umboni ulipo." Anaimirira, anakankhira mpando kwa mayi a Mazira. "Tiyeni, mayi, nkhuku zikudikira. Inu a Lumo, nyuzipepala zakale zili m'makatoni pansi pa masitepe. Mwezi wonse muli nawo."